Ku Ruhr ndi ku Komati: malasha anasiyidwa mosiyana

Pa 21 Disembala 2018, ogwira ntchito mumgodi wa Prosper-Haniel ku Bottrop, m'dziko la Germany, anatulutsa chibulumwa chomaliza cha malasha n'kuchipereka kwa pulezidenti Frank-Walter Steinmeier. Zaka zinayi zisanathe, pa 31 Okutobala 2022, kampani ya Eskom inazimitsa siteshoni yopangira magetsi ya Komati ku Mpumalanga, ku South Africa. Konse kuwiri malasha ndiwo ankadyetsa anthu, ndipo konse kuwiri mabungwe a anthu apantchito ndi amphamvu pandale. Koma kachitidwe kake kanasiyana kutalitali.

Chigawo cha Ruhr, komwe kuli Bottrop, chinasiya malasha mwachifatse. Cha m'ma 1957 migodi ya malasha ku West Germany inali ndi antchito pafupifupi 600,000. Msika unayamba kuvuta mu 1958, ndipo patapita zaka boma, eni migodi ndi mabungwe a antchito anagwirizana kuti wamumgodi asangotayidwa pamsewu. Achikulire ankapuma msanga n'kumalandira ndalama, anyamata ankasamutsidwira kumigodi ina kapena kuphunzitsidwa ntchito zatsopano. Yunivesite ya ku Bochum inatsegulidwa mu 1965, kuti mwana wa wamumgodi asatsate bambo ake pansi. Ngakhale chaka chotsekera mgodi womaliza chinalengezedwa kale mu 2007, munthu n'kukhala ndi zaka 11 zokonzekera.

Tisawakometse kwambiri. Migodiyi sinatsekedwe pofuna kuteteza chilengedwe ayi. Malasha ake anangokwera mtengo kuposa ochokera kunja, ndipo Germany inapitiriza kuitanitsa malasha n'kumawotcha. Kuleza mtima kwa zaka 60 kunadya ndalama zankhaninkhani za msonkho, utsi nawo ukungofuka. Chilungamo kwa antchito chinalipiridwa ndi mpweya wa dziko lonse lapansi. Komanso bala silinapole kwenikweni: mzinda wa Gelsenkirchen udakali pakati pa mizinda ya ulova wambiri ku Germany, ndipo pachisankho cha mu 2025 chipani cha AfD chinaposa cha SPD pamavoti a zipani, m'dera lomwe kale linali kumudzi kwa SPD.

Ku Komati zinayenda chambuyo: anatseka kaye, zolowa m'malo n'kumabwera pambuyo. Siteshoniyi, yomangidwa m'zaka za m'ma 1960, inali itakalamba ndithu. World Bank inavomereza madola 497 miliyoni, ambiri mwa iwo ngongole, oikira makina a mphamvu ya dzuwa, ya mphepo ndi mabatire. Olembedwa ntchito ndi Eskom sanachotsedwe. Amene anaona zakuda ndi a kontirakiti, oyendetsa malole a malasha, amayi ogulitsa zakudya pageti ndi eni nyumba za lendi. Aliyense amene agogo ake anapita ku Joni pa Wenela akudziwa kuti wa kontirakiti amakumbukiridwa pomaliza. Bungwe la pulezidenti wa South Africa loona za nyengo linavomereza mu 2023 kuti anthu a m'deralo anafunsidwa maganizo mochedwa. Ndipo zonsezi zinkachitika magetsi akuzimazima dziko lonse, anthu atatu kapena kuposerapo mwa khumi alionse ofuna ntchito ali pa ulova.

Apa m'pamene anthu a mbali imodzi, olankhulira osauka, anasemphana. Gwede Mantashe, yemwe anakhalapo mlembi wamkulu wa bungwe la amumigodi la NUM ndi wapampando wa chipani cha Komyunisiti, anaima ndi malasha ali nduna ya zamigodi ndi zamagetsi. Koma amene anatengera boma kukhoti chifukwa cha utsi wa ku Highveld, dera lomwe kuli Komati, mabungwe a groundWork ndi Vukani, nawonso amalankhulira osauka omwewo, omwe ana awo amakula ndi chifuwa. Mu Marichi 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti mpweya woipawo ukuphwanya ufulu wa anthu.

Ine ndimaona kuti njira ya ku Ruhr inali yaumunthu, koma South Africa singaitsanzire yonse. Ilibe chuma cha Germany, zaka 60 zodikira palibenso. Chotheka kutengako ndi kandondomeko kake: kulengeza tsiku kudakali kutali, kumanga zatsopano zakale zisanagwe, ndi kuwerengera wa kontirakiti limodzi ndi wolembedwa. Pakadali pano Eskom yaimitsa kutseka masiteshoni a Camden, Grootvlei ndi Hendrina mpaka 2030, ndipo dziko la America, lomwe linali m'gulu lolonjeza South Africa madola 8.5 biliyoni osiyira malasha ku Glasgow mu 2021, linatuluka m'mgwirizanowo mu 2025.