Malonda a Pafoni: Kodi Mwana Wathu ku Lilongwe Asankhe Katundu Uti?

Makolo ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ndi ana amene anakwera basi kupita ku Lilongwe kukafuna ntchito. Ena akukhala kwa amalume awo ku Kawale, ena akuchita lendi ku Chinsapo kapena ku Mgona. Popeza ntchito yolembedwa njosowa, ambiri mukawafunsa chimene akuchita amayankha kuti, "Ndimagulitsa pafoni." Kodi amenewa ndi malonda otani, ndipo Chisilamu chikutipo chiyani?

Nkhani yake ili motere. Mwini sitolo ali ndi katundu koma alibe ogula okwanira. Mnyamata kapena mtsikana ali ndi foni ndi anthu omudziwa koma alibe mpamba. Iye amajambula katunduyo ndi kuika zithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook. Wogula akapezeka, mwini katundu amampatsa gawo lake, limene amalitcha komishoni. Kampani ya ku America ya Amazon inayamba kulipira anthu mwa njira yotereyi pa intaneti m'chaka cha 1996. Kuno kwathu zinaphweka pamene Airtel Money inafika mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, chifukwa ndalama zinayamba kuyenda popanda munthu kukwera minibasi.

Kugulitsa katundu wa mwini si chinthu chachilendo kwa ife Asilamu. Mtumiki Muhammad (SAW), asanapatsidwe utumiki, anatenga katundu wa mayi Khadija kupita naye ku Sham ndipo analandira malipiro ake. Ma ulama ambiri amavomereza ntchito ya mkhalapakati malinga ngati malipiro agwirizanidwa poyamba ndipo katunduyo ndi wa halaal.

Vuto limene likugwetsa ana athu ndi kufuna kugulitsa chili chonse. Lero aika nsapato, mawa mafoni, mkuja mankhwala azitsamba, mpaka anthu sadziwa kuti iyeyu ndi wa chiyani kwenikweni. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tikumbuke Abdurahman bin Auf (RA) amene anafika ku Madina wopanda kanthu. Anapempha kuti amusonyeze msika, nayamba ndi mafuta a mkaka ndi mkaka wouma basi, ndipo pambuyo pake anakhala mmodzi wa olemera mwa maswahaba.

Tsono posankha katundu, choyamba mwana adzifunse chimene amachidziwa kuposa anzake. Wobadwira ku Makanjira kapena ku Senga Bay amazindikira usipa wouma bwino pongouyang'ana, amasiyanitsa utaka ndi mcheni, ndipo ali ndi abale padoko. Wa ku Nkhotakota amaudziwa mpunga wa Faya. Nzeru imeneyi mwana wobadwira mu mzinda alibe, ndipo ndi mpamba umene sugulidwa.

Chachiwiri aone malo amene akukhala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, koma zofuna zawo sizifanana. Ku Biwi kuli magalaji ndi ogulitsa zitsulo za galimoto, ku Mgona kumadziwika ndi malonda a mtedza, pamene ku Area 25 ndi ku Area 23 kuli mabanja ochuluka ofuna ndiwo, mpunga ndi zovala za ana tsiku ndi tsiku. Amayi a pa mzikiti amafuna mahijabu, abambo mikanjo ndi mizuli. Amene amaswali nawo pamodzi ndiwo oyamba kukhulupirira.

Chachitatu ndi masamu. Tiyerekeze kuti wina amalandira K5,000 akagulitsa foni imodzi, koma pamwezi amagulitsa awiri okha. Wapeza K10,000. Mnzake amalandira K500 pa thumba laling'ono la mpunga ndipo ali ndi mabanja 30 ogula kawiri pamwezi. Iyeyu wapeza K30,000. Foni munthu amagula kamodzi patapita zaka, koma mpunga ukatha amabweranso. Pa ndalamazi achotsepo mayunitsi a intaneti, minibasi kapena kabaza, ndi ndalama yodulidwa potapa. Chotsalacho ndilo phindu.

Aganizirenso za nyengo. Mwera ukamakuntha m'miyezi yozizira asodzi salowa bwino panyanja, ndipo kuyambira mu Novembala boma limaletsa makoka ena kuti nsomba ziswane. Zipatso za tende ndi zovala zatsopano zimayenda kwambiri pa Ramadhani ndi pa Idi. Katundu wochokera kunja amatsata mtengo wa dola: pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'masitolo inakwera mwadzidzidzi. Nchifukwa chake nkwabwino kukhala ndi katundu mmodzi woyenda chaka chonse, ndi wina wapambali wa nyengo.

Pali komishoni ina yonona imene Msilamu ayenera kuikana. Kuitanira anthu ku njuga ndi kubetcha pa mpira, ku ngongole za katapila, kapena ku mowa, ndi kuthandiza pa tchimo ngakhale iwe mwini usakhudzeko. Qur'an mu Surat Al-Baqarah ndime 275 ikuloleza malonda ndi kuletsa riba. Asamalenso ndi magulu amene amauza munthu kuti alipire ndalama yolowera kenaka abweretse anzake. Kumeneko kulibe katundu weniweni, ndipo olowa pomalizira ndiwo amalira.

Pomaliza pali chilungamo. Mtumiki (SAW) analetsa munthu kugulitsa chimene alibe, choncho mwana anene poyera kuti katunduyo ndi wa uje, iye ndi mtumwi chabe, ndipo ayambe wamuona ndi maso asanaike chithunzi. Surat Al-Mutaffifin ikuchenjeza opungula miyeso. Chithunzi cha usipa wa dzulo pamene wotumizidwayo ndi wa mwezi watha ndi kupungula komweko.

Inu makolo kumudzi, musangodikira Mpamba kumapeto kwa mwezi. Mfunseni mwana chimene amagulitsa, mwini wake ndani, ndipo anagwirizana zotani. Ngati mungathe, mlumikizeni ndi msodzi kapena mlimi wokhulupirika wa kwanuko. Allah adalitse malonda a ana athu ndi kuwapatsa rizq la halaal. Ameen.