Tsamba la mango pa chipewa cha ku Wakefield

Ambiri aife tinakulira muno ku Wakefield tikuona amayi ndi azakhali akuluka juzi kapena timasokosi ta mwana ali pa mpando, maso ali pa TV. Pepala lowauza chochita analibe. Ankangoyang'ana chovala cha mnzawo kutchalitchi, kufika kunyumba n'kuchiluka basi. Ife ana awo luso la masolo silinatilowe, ndipo azakhaliwo akukalamba. Tikafuna kuluka lero timayamba tatsegula foni.

Paja tauni ino ndi ya wulu kuyambira kale. Kampani ya Sirdar, imene a banja la Harrap anayambitsa mu 1880 ku Ossett, inasamukira ku Alverthorpe, ndipo dzina lake mulipeza pa mipukutu ya wulu m'masitolo ambiri.

Ndiye tiyeni tikambe za chipewa cha timabowo chooneka ngati masamba. Chinsinsi chake ndi masamu ochepa kwambiri. Mukakulunga ulusi pa singano osalowetsa pena paliponse, chimene azungu amati yarn over, pamatsala kabowo ndipo masitichi awonjezekera ndi imodzi. Kuti chipewa chisakule ngati thumba, muyenera kuchotsa sitichi ina polumikiza awiri. Njira ya k2tog imapendekera kumanja, ya ssk kumanzere. Ikani sitichi imodzi pakati ngati msana wa tsamba, timabowo mbali zonse ziwiri, zopendekerazo m'mphepete. Tsamba latuluka.

Kwa ife a ntchito za makompyuta, izi ndi loop chabe. Tsamba limodzi likatenga masitichi 12, masamba 8 akhala 96, kuzungulira mutu wonse. Mukaiwala yarn over imodzi, 12 uja asanduka 11, ndipo cholakwikacho simuchiona pomwepo, chimakaonekera mizere itatu kutsogolo, tsamba litapotoka. Bug yeniyeni, eti? Ubale umenewu si nthabwala ayi: makina owombera nsalu a Jacquard a mu 1804 ankawerenga makadi obowola, ndipo Charles Babbage anatengera nzeru yomweyo pa makina ake owerengera.

Funso limene limandisangalatsa ndi lakuti tsamba lake liti. Mapatani ambiri a kuno amatsanzira masamba a kuno. Koma tsamba la mango ndi lalitali, losongoka, msana umodzi pakati, ngati analilengera ntchito imeneyi. Chigwada ndiye mavuto, chifukwa zala zake zimachokera pamalo amodzi n'kumwazikana. Mungafunike kuwonjezera masitichi ambiri pa mzere umodzi, nsalu n'kufufuma. Nkhwani musayese n'komwe, pokhapokha ngati mukufuna chipewa chonga dengu.

Pamwamba m'pokoma. Mumasiya kuika timabowo koma kuchotsa kumapitirira, masamba onse 8 n'kumachepa mpaka nsonga zawo kukumana pa liwombo. Masitichi otsalawo mulowetsamo ulusi n'kukoka.

Chikachoka pa singano chimaoneka ngati kasanza, musadandaule. Chiviikeni m'madzi ofunda pang'ono, finyani ndi thaulo osapotokola, chivekeni pa mbale yozondotsa chiume. Apo m'pamene masamba amatambasuka. Wulu weniweni wa nkhosa amasunga maonekedwe amenewa, wa acrylic amavuta.

Kunena chilungamo, chipewa cha mabowo si cha mphepo ya Januwale pa mlatho wa Calder. N'cha Okutobala, masamba akuyoyoka ku Thornes Park. Ofuna kuchivala pa chikondwerero cha rhubarb mu Febuluwale alukire kansalu kena mkati, makamaka pa makutu.