Kodi mumadziwa? Za galimoto yonjenjemera ndi ekizozi yake

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, magalimoto akale amene anagona dzinja lonse amatulukira m'magalaja a pa Kasungu. Ena amafika akunjenjemera, ndipo eni ake amathamangira kwa wowotcherera kuti awaikire ekizozi yaikulu. Musanatero, tamvani izi.

Kodi mumadziwa kuti nthawi imene galimoto ikunjenjemera ndiyo imaulula pomwe pali vuto? Ikamatero itaima, injini ikulira, yambani ndi mapulagi, makoyilo ndi mphira zimene injini imakhalirapo. Ikamagwedezeka ponyamuka pokha, pamene mukusiya kilatchi, kawirikawiri wolakwa ndi kilatchiyo. Chiwongolero chikamanjenjemera pa liwiro la makilomita 80 mpaka 100 pa ola mukutsika M1 kupita ku Lilongwe, kawirikawiri ndi matayala osabalansidwa kapena rimu yopindika, injini ilibe mlandu. Chikamatero poponda mabuleki, onani madisiki. Makaniko wabwino amayamba wakufunsani kuti, "Imayamba nthawi yanji, bwana?" asanagwire sipanala.

Kodi mumadziwa kuti Corolla, Sienta ndi Probox zambiri zili ndi masilinda anayi, ndipo imodzi ikasiya kuyaka, atatu otsalawo amakoka mnzawo wakufayo? N'chifukwa chake galimoto imadumphadumpha pachitunda. Pulagi imanena zonse: ikada ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka kapena mpweya ukuchepa, ikanyowa ndi oyilo, injini yayamba kudya oyilo. Amene amayenda misewu yafumbi ya ku Chamama ndi ku Chulu m'chilimwe ayambe atsegula fyuluta ya mpweya, chifukwa ndi yotsika mtengo.

Kodi mumadziwa kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe? Mafutawa ndi abwino, koma ethanol amakoka chinyezi. Galimoto ikakhala miyezi yambiri osayenda, thanki ili theka, madzi amadikha pansi ndipo pampu imayamba kukoka madziwo. Onjezani apo mafuta a m'zigubu amene timagula pa nthawi ya kusowa, ena osakanizidwa ndi palafini, ena a zinyalala, ndiye mwapeza chifukwa chimene injini zambiri zimatsokomolera.

Nanga ma Canter ndi ma Dyna onyamula mabelo? Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto. Ikamanjenjemera, ganizirani za madzi mu fyuluta ya mafuta, mpweya wolowa m'mapaipi, kapena mainjekita otha.

Kodi mumadziwa kuti lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi? Amatuluka ngati nthunzi, koma pa maulendo aafupi paipi siitentha mokwanira ndipo madziwo amatsalira mu sayilensa. Ekizozi imayamba kuchita dzimbiri m'kati, kunja ikuoneka bwinobwino.

Kodi mumadziwa kuti paipi yaikulu kwambiri ingathe kufooketsa injini yaing'ono? Utsi umafunika kutuluka ndi liwiro kuti uthandize kukoka utsi wotsatira. Paipi ikakula mopitirira, liwirolo limatsika, ndipo mphamvu imene mumaifuna ponyamuka ndi katundu kapena podutsa pamchenga ndiyo imachepa. Phokoso lokha ndilo limakula. Ine ndimati kwa galimoto yonyamula feteleza ndi mabelo, kukonza kwenikweni ndi paipi ya msinkhu umene inabwera nawo, yachitsulo chochindikala, magasiketi atsopano ndi mphira zopachikira zolimba. Mphira imodzi ikaduka, paipi imagunda pansi pa galimoto ndipo mumayesa injini yafa.

Kodi mumadziwa kuti m'kabokosi kaja ka pa ekizozi, kotchedwa catalytic converter, muli platinum, palladium ndi rhodium? Platinum wambiri wa padziko lonse amakumbidwa ku South Africa. Zitsulozi zimasandutsa mpweya wapoizoni kukhala wosaopsa kwambiri, ndipo petulo wokhala ndi mtovu, amene mayiko a kuno kwathu anasiya kugulitsa pofika mu 2006, ankaziwononga. Masiku ano chimene chimapha kabokosika ndi silinda yosayaka ija. Petulo wosapsa amakayakira m'menemo, zam'kati zimasungunuka, njira ya utsi imatsekeka, galimoto n'kumakanika kukwera ngakhale kachitunda. Ambiri amangogogoda zam'katizo n'kutaya. Zimandipweteka, chifukwa vuto loyamba lija limakhala lidakalipo, ndipo utsi wonse tsopano ukupumidwa ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu. Konzani kaye moto wa mu injini, ekizozi ibwere pambuyo.

Kodi mumadziwa kuti mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo kapena mtundu? Ekizozi yobooka pansi pa mipando imaulowetsa m'galimoto, woyendetsa n'kuyamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo. Musagone m'galimoto injini ikulira pamene mukudikira kutsitsa mabelo usiku.

Komanso kabokosi kaja kamatentha kupitirira madigiri 400. Mukafika kumunda m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, musaimike galimoto pa udzu wouma, makamaka pafupi ndi chigafa.