Makina oyezera BP saona mafuta a m'magazi

Ndikapeza munthu ali ndi BP yokwera, ndimafuna kudziwanso za mafuta a m'magazi mwake. Owonda ndiwo amadabwa kwambiri: "Adokotala, mafuta ndiwatenge kuti ine?" Komatu kolesterolo wambiri, yemwe ndi mtundu wina wa mafutawo, amapangidwa ndi chiwindi, ndipo munthu wochepa thupi akhoza kukhala naye wochuluka osamva kupweteka paliponse.

Mavuto awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Akafukufuku a ku America ndi ku Ulaya amapeza kuti oposa theka la odwala BP amakhalanso ndi mafuta osalongosoka m'magazi. Mizu yake ndi imodzimodzi: kunenepa pamimba, kukhala osagwiritsa ntchito thupi, matenda a shuga, ndiponso kumtundu komwe munthu wachokera. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi 9 mwa 100 anali ndi kolesterolo wopitirira muyezo. Chiwerengero chachiwiricho chisatipumitse. Anayeza kolesterolo yense pamodzi, pamene ife timasiyanitsa LDL, amene amatseka mitsempha, ndi HDL, amene amathandiza kuchotsa mafutawo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi. Magazi akamathamanga mwamphamvu zaka ndi zaka amakanda khungu lam'kati mwa mtsempha. Pamalo pokandikapo ndi pomwe LDL amalowa n'kuyamba kuunjikana. Mtsempha umauma, njira imachepa, mtima umakankha movutikira. Tsiku lina chotupa cha mafuta ounjikanawo chimaphulika, magazi amaundana, ndipo munthu amadwala sitiroko kapena mtima. Abale amangoti zabwera mwadzidzidzi, chonsecho zinayamba kalekale.

Mu 2003, kafukufuku wa ASCOT ku Britain, Ireland ndi mayiko a kumpoto kwa Ulaya anaonetsa kuti odwala BP amene anawonjezeredwa mankhwala otsitsa kolesterolo otchedwa atorvastatin anadwala mtima mocheperapo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ngakhale kolesterolo wawo sanali wokwera kwambiri. Si aliyense wofunika kumwa mankhwalawa. Timaona msinkhu, shuga, fodya ndi impso. Ndikudziwanso kuti zipatala zazing'ono zambiri zilibe zoyezera mafuta, ndipo zimandiwawa.

Ngati BP yanu imapitirira 140/90, makamaka ngati muli ndi shuga kapena mumasuta, funsani komwe mungayezetse mafuta a m'magazi. Podikira, chepetsani mchere, nyama yonona ndi tchipisi cha pachiwaya, ndipo mankhwala a BP musasiye.