Kugula ndege yankhondo n'kosavuta, kuisamala ndiye nkhani

Dziko likaleka kupanga ndege yakeyake yankhondo, funso lotsala limakhala lakuti: nanga tigule iti? Dziko la South Africa linakumana ndi funsoli m'chaka cha 1991, ndipo yankho lomwe linapereka likuliwawabe mpaka lero.

Gwero la nkhaniyi ndi ulamuliro watsankho. Mu 1977 bungwe la United Nations linaletsa mayiko onse kugulitsa zida zankhondo ku boma la azungu la ku Pretoria. Ndege za Mirage zomwe bomalo linagula ku France zinkakalamba, chonsecho ku Angola asilikali ake ankakumana ndi ndege za MiG-23 zochokera ku Soviet Union. Kampani ya Atlas inakonzanso Mirage III zakalezo n'kuzitcha Cheetah, kwinaku ikujambula ndege yatsopano yotchedwa Carver. Koma asilikali atachoka ku Angola, Namibia n'kulandira ufulu mu 1990, boma la F.W. de Klerk linaona kuti mdani palibe pomwe ndalama zikungopita. Ntchito ya Carver inathetsedwa ndegeyo isanauluke ndi kamodzi komwe.

Apa panali njira zitatu. Yoyamba inali kukakamira Cheetah, ndipo mtundu wake watsopano, Cheetah C, unayamba ntchito mu 1993. Yachiwiri inali kupatsa mphamvu ndege zakale: akatswiri anayesa kuika mu Mirage F1 injini ya ku Russia yofanana ndi ya MiG-29, koma zinathera pa kuyesa pomwepo. Yachitatu inatseguka mu 1994 chiletso chija chitachotsedwa: kugula zatsopano kunja. Pampikisano panali Mirage 2000 ya ku France, AT-2000 ya ku Germany yomwe inali ikadali papepala, ndi Gripen ya kampani ya Saab ya ku Sweden.

Mu Disembala 1999 boma linasaina mgwirizano wa zida wa ndalama pafupifupi R30 biliyoni, wophatikiza sitima zankhondo ndi ndege. Linapeza ndege 26 za Gripen ndi 24 za Hawk zophunzitsira, ngakhale kuti akatswiri a asilikali a m'mlengalenga ankafuna MB-339 ya ku Italy yomwe inali yotsika mtengo kuposa Hawk. Mgwirizanowu unanunkha katangale. Komiti ya Jaji Willie Seriti inati panalibe cholakwika, koma mu 2019 khoti lalikulu linakana zomwe komitiyo inapeza ponena kuti sinafufuze mokwanira.

Gripen payokha si ndege yoipa ayi. Ili ndi injini imodzi, sidya ndalama zambiri poiyerekeza ndi zinzake, ndipo anaipanga kuti izitha kutera ngakhale pamsewu. Zoyamba zinafika mu 2008, chaka chomwe Cheetah zinapumitsidwa, ndipo zinalondera mlengalenga nthawi ya mpikisano wa World Cup wa 2010.

Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2013 nduna ya zachitetezo Nosiviwe Mapisa-Nqakula inauza aphungu kuti ndege 12 mwa 26 zija zinali zitangosungidwa chifukwa chosowa ndalama. Chakumapeto kwa 2021 zonse zinaima pabwalo la Makhado, ku Limpopo, kaamba koti mgwirizano wozikonzera unatha osauonjezera. Zina zinayambanso kuuluka mu Sepitembala 2022. Pafupifupi chaka chathunthu dziko lolemera chotere linalibe ndege yotha kuthamangitsa mdani. Chodabwitsa n'chakuti Cheetah 12 zomwe anazipumitsa zija anazigulitsa ku Ecuador, komwe zinakagwirabe ntchito zaka zingapo.

Mwini minibasi aliyense amadziwa kuti mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Mafuta, matayala, masipeya ndi makaniko ndiwo amaonetsa ngati galimotoyo ikhale pamsewu kapena pamiyala. Ndege yankhondo imafuna zoposa apa: woiyendetsa akapanda kuuluka kawirikawiri luso limafwifwa, ndipo masipeya amachokera kwa amene anaipanga, pamtengo womwe iye wanena.

Choncho tikamva kuti dziko lina lathetsa ntchito yopanga ndege ndipo likusankha pakati pa Rafale, F-16 kapena Gripen, tisathamangire kufunsa kuti yaliwiro ndi iti. Tifunse kuti mdani wake ndani, masipeya adzachokera kuti, ndipo ndalama zoiulutsira zaka 30 zikubwerazi zilembedwa pati m'bajeti. Ndalama zimenezo n'za misonkho, zomwenso chipatala ndi sukulu zikudikira.