Ndudu Zamagetsi: Kodi Zingathandize Wosuta wa ku Chigumula Kusiya Fodya?

Fodya si mlendo mumzinda wa Blantyre, pakuti kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe m'chaka cha 1908, ndipo kuyambira mu 1938 alimi akhala akugulitsa mabelo awo pa okushoni ya komweko, msika umene lero ukugwira ntchito limodzi ndi misika ya ku Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu. Mbewuyi imabweretsa pafupifupi theka la ndalama zimene dziko la Malawi limapeza pogulitsa katundu kunja, ndipo n'chifukwa chake kwa zaka zambiri nkhani ya fodya yakhala ya mitengo pa kilogalamu, ya mabelo obwezedwa ndi ya ngongole za feteleza, pamene munthu wosuta fodyayo satchulidwa kawirikawiri. Posachedwapa m'masitolo ena a mumzindawu ndi pa masamba a mchezo a pa intaneti mwayamba kupezeka ndudu zamagetsi, zimene achinyamata amazitchula kuti vepu, ndipo ogulitsa amazichemerera kuti ndi njira yochepetsera ndi kusiyira fodya. M'mawu amenewa muli choonadi, koma choonadicho chili ndi malire amene wosuta ayenera kuwadziwa asanapise m'thumba.

Kafukufuku wa matenda osapatsirana amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti mwa amuna 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 26 ankasuta fodya, pamene mwa amayi 100 alionse osuta anali atatu okha. Kasutidwe ka anthu amenewa kamaoneka bwino pamalo ngati msika wa Chigumula, pamsewu wochoka ku Limbe kulowera ku Bvumbwe ndi ku Thyolo, pomwe ndudu sizigulidwa papaketi koma imodziimodzi pa okala kapena pabenchi la wogulitsa masiwiti ndi machesi. Woitanira minibasi, wakabaza kapena wonyamula katundu amagula ndudu imodzi akangogwira ndalama yoyamba ya tsikulo, amayatsira pomwepo, nthawi zina amaizima pakati n'kusunga kachidutswa kuseri kwa khutu kapena kupatsira mnzake, ndipo ndalama ikavuta amatembenukira ku chingambwe chopichira papepala. Aliyense wofuna kuweruza ngati vepu ingathandize kuno ayenera kuyambira pa munthu ameneyu, chifukwa ndiye amene utsi ukumuwononga.

Chimene chimamanga wosuta ndi chimene chimamupha

Chimene chimachititsa kuti kusiya fodya kukhale kovuta ndi nikotini, mankhwala achilengedwe opezeka m'tsamba la fodya amene m'mabuku ena amatchedwa chikonga. Munthu akakoka utsi, nikotini amafika muubongo pasanathe masekondi 20 n'kuchititsa kuti amve kupepukidwa, ndipo ubongo ukazolowera zimenezi umayamba kudandaula nikotiniyo akachepa m'magazi. Kudandaula kumeneko ndi kumene osuta amakutcha chibaba, ndipo kumabwera ndi kupsa mtima msanga, kusowa tulo, kubalalika maganizo ndi njala yosatha. Chibaba chimafika pachimake mlungu woyamba munthu atasiya, kenaka chimayamba kuzilala pakatha milungu iwiri mpaka inayi, koma ambiri amagonja masiku oyambirirawo asanathe.

Komabe, nikotini si amene amayambitsa matenda ambiri amene amapha osuta, monga momwe Michael Russell, dokotala wa ku London, anafotokozera mu 1976 kuti anthu amasutira nikotini koma chowapha ndi phula wa mu utsi. Tsamba la fodya likamayaka limatulutsa mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Mu utsimo mulinso kaboni monokisaidi, mpweya wopanda fungo umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi n'kulemetsa mtima. Bungwe la WHO likunena kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo mpaka theka la osuta amene sasiya amafa ndi matenda obwera chifukwa cha fodyayo. Kuno kwathu zimenezi zimakumana ndi mavuto ena amene madokotala a pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth amawaona nthawi zonse, chifukwa Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo kusuta ndi chimodzi mwa zoyambitsa zake, komanso kusuta kumawonjezera chiopsezo chodwala chifuwa chachikulu cha TB ndi chofa nacho.

Mmene ndudu yamagetsi imagwirira ntchito

Ndudu yamagetsi ya masiku ano inapangidwa mu 2003 ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China amene iye mwini anali wosuta, ndipo cholinga chake chinali kulekanitsa nikotini ndi moto. M'kachipangizoka muli batire, kawaya kopiringiza kamene kamatentha munthu akakoka mpweya, ndi kathanki ka madzi osakaniza nikotini, glisalini, mankhwala otchedwa propylene glycol ndi zonunkhiritsa. Kawaya kakatentha madziwo amasanduka nthunzi imene munthu amaikoka, ndipo popeza palibe tsamba limene likuyaka, mulibe phula ndi kaboni monokisaidi wa mu ndudu wamba. Pali zamtundu wotaya madzi akatha, ndipo pali zamtundu wotchaja ngati foni zimene munthu amathiramo madzi ena. Mphamvu ya nikotini imalembedwa pa mamiligalamu a mu mililita imodzi ya madziwo, ndipo ku Britain ndi mayiko a mu European Union lamulo silola kupitirira mamiligalamu 20.

Umboni wamphamvu woti zipangizozi zimathandiza unatuluka mu 2019, pamene gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Peter Hajek linayesa osuta 886 ku England powagawa pawiri. Gulu lina linapatsidwa ndudu zamagetsi, lina linapatsidwa mankhwala olowa m'malo mwa nikotini wa mu fodya, monga chingamu ndi zigamba zomata pakhungu zimene zimalowetsa nikotini pang'onopang'ono m'thupi. Patatha chaka, anthu 18 mwa 100 alionse a gulu la ndudu zamagetsi anali asanabwerere ku fodya, poyerekeza ndi pafupifupi 10 mwa 100 alionse a gulu linalo. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula zofufuza za mayiko ambiri, linanena mu 2022 kuti umboni woti ndudu zamagetsi zokhala ndi nikotini zimaposa chingamu ndi zigamba ndi wodalirika kwambiri, ndipo mu 2023 boma la Britain linalengeza kuti ligawa zipangizozi kwa osuta 1 miliyoni a ku England.

Zotsatira za mu 2019 zili ndi mbali zitatu zimene otsatsa malonda satchula. Yoyamba ndi yakuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse sanathe kusiya ngakhale anapatsidwa chipangizocho. Yachiwiri ndi yakuti onse ankakumana ndi mlangizi mlungu uliwonse kwa milungu yosachepera inayi, kotero chipangizocho sichinagwire ntchito chokha. Yachitatu ndi yakuti mwa amene anasiya fodya ndi ndudu yamagetsi, 80 mwa 100 alionse anali akuigwiritsabe ntchito chaka chitatha, kutanthauza kuti anathawa utsi koma nikotini anali asanawamasule.

Kuchepetsa sikokwanira

Osuta ambiri amene amagula vepu sasiyiratu ndudu, koma amakoka nthunzi kuntchito kapena kunyumba n'kumasutabe ndudu ziwiri kapena zitatu madzulo kumowa, akukhulupirira kuti popeza achepetsa ndudu ndiye kuti achepetsanso ngozi mofanana. Thupi silitsata masamu amenewo. Kusanthula kwa zofufuza zambiri kumene Allan Hackshaw ndi anzake anafalitsa mu 2018 kunaonetsa kuti wosuta ndudu imodzi patsiku amasenza pafupifupi theka la ngozi yowonjezereka ya matenda a mtima ndi sitiroko imene amasenza wosuta ndudu 20, chifukwa utsi wochepa ndi wokwanira kupweteka mitsempha ndi kuchititsa magazi kuundana msanga. Mfundo imeneyi ikukhudza mwachindunji wogula ndudu imodziimodzi wa ku Chigumula, Bangwe kapena Ndirande, amene kawirikawiri amadziona ngati wosuta wapang'ono amene sali pangozi. Kuchepetsa kumakhala ndi phindu ngati ndi sitepe yopita ku tsiku lodziwika losiyiratu, koma kukakhala pokhazikika munthu amalipira zinthu ziwiri n'kutsalabe ndi matenda a chinthu choyambacho.

Nayonso nthunzi si mpweya wabwino. Imakhala ndi mankhwala ena oyabwa kummero ndi m'mapapo, ngakhale kuti ndi ochepa poyerekeza ndi a mu utsi, ndipo popeza zipangizozi zangokhala pamsika pafupifupi zaka 20 zokha, zotsatira za kuzikoka moyo wonse sizinaonekebe. Nikotini amathamangitsa mtima, amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa achinyamata ndipo si wabwino kwa mwana amene ali m'mimba, komanso madzi a vepu ndi poizoni mwana wamng'ono akawamwa. Mu 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020 anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'zipatala ku America ndipo 68 anamwalira ndi matenda a mapapo amene anapezeka kuti anachokera makamaka ku madzi a chamba ogulitsidwa mozemba, osakanizidwa ndi mafuta otchedwa vitamin E acetate. Phunziro lake kwa wogula wa ku Limbe ndi lakuti madzi osadziwika kumene achokera, opanda chizindikiro chosonyeza zimene zili m'kati mwake, ndi oopsa kuposa mmene amaonekera.

Pazifukwa zimenezi, komanso chifukwa cha kuchuluka kwa ana asukulu amene akukopeka ndi fungo la zipatso ndi masiwiti, bungwe la WHO silinavomereze ndudu zamagetsi ngati njira imene maboma azilimbikitsa, ndipo mu Disembala 2023 linanena kuti mayiko 34 analetsa kuzigulitsa pamene 74 analibe lamulo lililonse lozikhudza. Dziko la Uganda linaziletsa mu 2015, India mu 2019, South Africa inayamba kudula msonkho pa madzi ake mu 2023, ndipo Britain yemweyo, amene amazigawa kwa osuta akuluakulu, analetsa zamtundu wotaya kuyambira pa 1 Juni 2025.

Zimene wosuta angachite

Zimene zinatheka ku England sizingasamutsidwe zonse n'kubwera ku Chigumula, chifukwa kumeneko paketi ya ndudu ndi yodula kwambiri moti wosamukira ku vepu amapulumutsa ndalama, pamene kuno ndudu imodzi imagulidwa ndi chenje ndipo vepu ndi katundu woitanitsa kunja wofuna ndalama zambiri nthawi imodzi. Chipangizocho chimafunanso magetsi otchajira, madzi ogula mwezi ndi mwezi ndi kawaya kosintha kakapsa, ndipo chimodzi mwa zimenezi chikasowa usiku chibaba chitavuta, okala yogulitsa ndudu imakhala pafupi. Chotsatira chake ndi chakuti vepu imafika mosavuta kwa wachinyamata wa ndalama amene sanasutepo, amene imangomuphunzitsa nikotini, kuposa kwa bambo wa zaka 45 amene wasuta theka la moyo wake ndipo akadapindula nayo.

Wosuta wamkulu amene wayesa njira zina n'kulephera, ndipo ali ndi ndalama zokwanira kuti asadukize, angagwiritse ntchito ndudu yamagetsi mwanzeru akasankha tsiku losiyiratu ndudu, akayamba ndi nikotini wamphamvu yokwanira kuthetsa chibaba, kenaka n'kumatsitsa mphamvuyo pa miyezi ingapo mpaka kusiya chipangizocho. Ayenera kugula madzi otsekedwa bwino ndi olembedwa zimene zili m'kati, osathiramo china chilichonse, ndi kuwasunga patali ndi ana. Mayi woyembekezera ndi wodwala mtima ayambe aonana ndi dokotala, ndipo amene sasuta asayambe n'komwe. Amene sangakwanitse mtengo wake sanatsekeredwe njira, pakuti malangizo oyamba a WHO a kathandizidwe ka ofuna kusiya fodya, amene anatuluka mu Julayi 2024, amatchula uphungu wa azaumoyo ngakhale wa mphindi zochepa, chingamu ndi zigamba za nikotini, komanso mankhwala a varenicline, bupropion ndi cytisine. Kuuza a pabanja za tsiku losiyira, kuchotsa machesi m'thumba, ndi kutalikirana ndi mowa milungu yoyambirira kumathandizanso kwambiri, ndipo kubwerera ku ndudu kamodzi si chifukwa chotayira mtima, popeza ambiri amene anasiya anayesa kangapo.

Phindu lake ndi lalikulu pa msinkhu uliwonse. Richard Doll ndi anzake, amene anatsata madokotala a ku Britain kwa zaka 50, anafalitsa mu 2004 kuti wosiya ali ndi zaka 30 amawombola pafupifupi zaka 10 za moyo, wosiya pa zaka 40 amawombola 9, pa zaka 50 amawombola 6, ndipo ngakhale pa zaka 60 amawombola 3.

Dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kugwiritsa ntchito fodya mu Ogasiti 2023, patatha zaka 20 panganolo litakhazikitsidwa, ndipo mwa zimene linalonjeza ndi kuthandiza nzika zake zofuna kusiya. Lonjezo limenelo lidzaoneka kuti ndi lenileni pamene namwino wa pa chipatala chaching'ono cha Limbe kapena Bangwe adzafunsa wodwala aliyense ngati amasuta, n'kukhala ndi uphungu ndi mankhwala omupatsa, komanso pamene malamulo adzatsekereza ana ku ndudu zamtundu uliwonse ndi kuonetsetsa kuti zimene zalembedwa pa botolo la madzi a vepu ndi zimene zilimodi. Ndudu yamagetsi ili ndi malo ake pa ntchito imeneyi, koma ndi malo a chida chimodzi mwa zingapo, choyenera wosuta wamkulu amene watsimikiza mtima kusiya utsi wonse ndipo pambuyo pake kusiyanso nikotini.