Tsiku limene Eisenhower anasowa mawu

Wodwala akalowa m'chipinda changa akukoka mwendo, kapena pakamwa patapotoka, abale amafunsa kuti, "Adokotala, ndi matenda anji?" Ine funso langa loyamba limakhala lina: vutoli lakhala pati? Ntchito yathu, ife madokotala a ubongo ndi mitsempha, imayambira pamenepo.

Mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi ili m'magawo awiri. Pali likulu, lomwe ndi ubongo pamodzi ndi mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa fupa la msana. Kenako pali nthambi zochoka pamenepo kupita m'manja, m'miyendo, pakhungu ndi m'ziwalo za m'kati. Nthambi zina zimamvera zofuna zathu, monga pokweza dzanja. Zina zimagwira ntchito osatifunsa: kugunda kwa mtima, kugaya chakudya, thukuta.

Atsogoleri a dziko la America amandithandiza pofotokoza izi, chifukwa matenda awo analembedwa poyera.

Pa 25 Novembala 1957, Dwight Eisenhower anali mu ofesi yake ku White House akusaina makalata. Anamva chizungulire, cholembera chinamupulumuka, ndipo atayesa kuuza mlembi wake, Ann Whitman, zomwe zikuchitika, mawu anatuluka osokonekera. Chimene ankafuna kunena ankachidziwa bwinobwino, koma mawu ake samawapeza. Inali sitiroko yaing'ono, kumanzere kwa ubongo, kumene anthu ambiri amasungirako luso la kulankhula. Lilime linali bwino, mmero unali bwino, vuto linali ku likulu. Ndiye tangoganizani nthawi yake! Soviet Union inali itangoponya satelayiti yotchedwa Sputnik mumlengalenga mu Okutobala, ndipo mu Seputembala iye anali atatumiza asilikali ku Little Rock kukateteza ana asanu ndi anayi akuda olowa sukulu ya azungu. Dziko linkafuna mtsogoleri wolankhula.

Odwala otere amandikhudza mtima kwambiri. Anthu amawakuwira ngati ogontha, ena n'kumawanena pamaso pawo ngati asokonezeka mutu, pomwe ambiri mwa iwo akumva zonse. Eisenhower anachira msanga, moti mu Disembala anapita ku msonkhano wa NATO ku Paris, ngakhale mawu ena aatali ankamupunthwitsabe.

Franklin Roosevelt anafa miyendo mu 1921 ndi matenda amene madokotala ake anati ndi poliyo. Poliyo imawononga timaselo ta mu mtsempha wa msana totumiza malamulo ku minofu, koma kuganiza siikukhudza. Anasankhidwa kanayi kukhala pulezidenti. Chinamupha ndi china: mtsempha wa magazi unaphulika mu ubongo pa 12 Epulo 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kutha.

Za nthambi zosatifunsa zija, George W. Bush ndiye chitsanzo. Mu Januwale 2002 ankaonera mpira pa TV akudya kabisiketi kouma kamchere. Kanamutsamwa, mtsempha wotchedwa vagus unachedwetsa mtima, magazi anachepa ku ubongo, iye n'kugwa pansi. Anadzuka patangopita kanthawi ali ndi bala patsaya. Kukomoka kotere kumaopsa poona, koma kawirikawiri sikusiya chilema.

Pambuyo pa sitiroko ija, Eisenhower anaona yekha kuti malamulo a dziko lake sankanena bwino chochita ngati pulezidenti ali moyo koma sangathe kulamula. Mu 1958 anagwirizana ndi wachiwiri wake, Richard Nixon, kudzera m'kalata, za momwe angamusiyire udindo. Mu 1967 nkhaniyi inalowa m'malamulo aakulu a dzikolo monga kusintha kwa nambala 25. Bush yemwe uja anagwiritsa ntchito lamuloli mu 2002 ndi mu 2007: madokotala asanamugoneke ndi mankhwala kuti amuunike m'matumbo, anasiyira wachiwiri wake, Dick Cheney, mphamvu kwa maola pafupifupi awiri.